Mafupa amene ndapatsa Sandy

Lachitatu madzulo, Al Thumama.

Lero mtima uli m'mwamba. M'mawa mchemwali wanga ananditumizira voisi yoti Mudzaona wafa. Galu wathu uja, amene ankandiperekeza kuchigayo zaka zonse zija, amupeza atauma kale pansi pa nkhokwe. Ndalira ndikupukuta mawindo, Madamu amene ndimawagwirira ntchito kunja kuno osadziwa.

Kenako ndachita zopusa. Sandy, kamwana kagalu kamene tikulera muno kuti kadzatsogolere munthu wosaona, kanabwera kukhitchini n'kugona pamapazi panga. Malamulo ake ndimawadziwa, anamatidwa pafiriji: kadye chakudya cha m'thumba chokha, choyeza ndi kapu, ndipo tisakapatse chilichonse pamanja. Koma kanandiyang'ana mmene ankandiyang'anira Mudzaona, ine n'kukaponyera mafupa a nkhuku ya masana. Kwathu galu amakulira mafupa, ndi uti anafa nawo?

Tsopano kasanza kawiri, chakudya kakana. Madamu anakasisita n'kunena kuti, "Ndi kutenthaku, inshallah mawa kadzuka bwino." Ine ndinangoti, "Yes, Madam." Chikhalirecho wophunzitsa agalu anatichenjeza tsiku loyamba lomwe kuti fupa lophika limathetheka n'kuboola matumbo.

Ndikaulula, kontrakiti ikhoza kuthera pomwepo, andikweze ndege. Ndikakhala chete, kagona nawo mafupawo mpaka mawa, popanda wokatengera kwa dokotala. Komanso kwinakwake kuli munthu amene akudikira maso akewa.

Kakulira chapansipansi kuseri kwa chitseko changa. Madamu akadali pabalaza, ndikumva TV. Agalu awiri tsiku limodzi, ine ayi. Ndikupita kukawauza.