Sipika Yong'ambika

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni, iwe pamodzi ndi amuna ako. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndi kuti chifuwa chimene unatchula chija chinatha. Kuno tilipo. Mayi ako bondo likuwavutabe, koma akuyenda. Ine maso ndiwo akuchepa mphamvu. Mawaya ang'onoang'ono ndimawaona ndi galasi tsopano.

Kalata yako inafika. Ukuti pali anthu amene akufuna kutulutsanso nyimbo zoyamba za bandi yanu, zimene inu mumati defi meto, ndipo ukupempha kaseti imene munajambula m'chipinda cha kuseri kwa shopu yanga. Ukutinso pachikuto padzalembedwa maina atatu: lako, la Wamtali woimba ng'oma, ndi la woimba gitala ya besi uja. La mlongo wako, amene ankaimba gitala, sunalitchule.

Papita masabata atatu ndisanayankhe. Kalata ino ndaiyamba kanayi. Ndikalemba mizere iwiri ndimadzuka, n'kupita kukasesa pakhomo pamene ndasesa kale.

Kasetiyo ndinaipeza m'bokosi la mawailesi akufa. Ndinatseka shopu masana, n'kuimvetsera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Aka kanali koyamba. Kale ndinkangokumvani kudzera m'khoma.

Sindinama kuti ndaikonda. Ng'oma zikuthamanga ngati matalala pa malata. Mawu ako akuchokera pansi pa mimba, ngati munthu akukoka kabati yodzaza pa simenti. Mayi ako mpaka lero sakhulupirira kuti ndiwe. Mashelefu anga akumveka akunjenjemera, mabawuti a m'zitini akulira nawo, ndipo penapake galu wa aneba akuuwa. Koma pamwamba pa zonsezi pali gitala ya mlongo wako, yolira ngati sowo ikakumana ndi msomali m'thabwa.

Kulira kumeneko ndikukudziwa. Ndi sipika imene pepala lake lang'ambika.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikukonza mawailesi ndi masipika. Munthu akabwera ndi sipika yolira motero, amafuna kuti ichire. Kwa ine kulira kuja ndi matenda. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkakumva ndikugwira ntchito, ndipo ndinkangoluma mano. Tsiku lina kasitomala anaima pakauntala, natchera khutu, naseka. Anati kodi ndi muno mwa katswiri uja, amene ana ake akuimbira sipika yodwala? Ndinangomupatsa wailesi yake.

Tsono kutatsala masiku awiri kuti mupite ku situdiyo, inu nonse mutapita kukafuna galimoto yonyamula zida, ndinalowa m'chipinda chija. Ndinamasula bokosi la sipika, ndinachotsa pepala long'ambika, ndinamata latsopano, n'kubwezera mabawuti monga analili. Inali ntchito yabwino ndipo ndinadzitama nayo mumtima. Ndinkaiyesa mphatso. Ndinkati ana anga asakachite manyazi pamaso pa anthu a makina ojambulira nyimbo.

Zimene zinatsatira mawa lake ukuzikumbukira, koma ndizilemba kuti uone kuti nanenso sindinaiwale. Mlongo wako atakhudza nsambo, gitala inalira bwinobwino, mwaulemu, ngati ya kwaya. Wamtali anaseka, nati basi, tsopano mukaimbe pa ukwati wa azakhali ake. Iwe sunaseke. Unati mlongo wako wasintha sipika mobisa, chifukwa kuyambira kale ankafuna nyimbo zofewa zoti anthu azimuwombera nazo m'manja. Iye anakana. Unamutcha wabodza ndi wamantha pamaso pa anzake. Kenako munacheka pepala latsopanolo ndi lumo, koma kulira kuja sikunabwerere, pakuti chimene chinang'ambika chokha m'zaka zambiri sichifanana ndi chochekedwa lero.

Ine ndinali pakhomo, chomasulira mabawuti chili m'thumba. Unandifunsa kuti, "Bambo, munaona munthu akulowa muno?"

Ndinayankha kuti, "Za phokoso lanu ine sindilowererapo."

Ndinali nditaona kuti chimene ndinkachiyesa kukonza chinali kuwononga, ndipo ndinaopa kuoneka wopusa pamaso pa ana. Chifukwa china palibe. Ndachifunafuna, sindinachipeze.

Unapeza woimba gitala wina, n'kuchoka naye limodzi ndi anzako. Mlongo wako anapachika gitala yake, nayamba kuyendetsa galimoto ya katundu. Zaka khumi ndi chimodzi zatha simunalankhulane. Chaka chilichonse ndinkati ndinena, ndipo chaka chilichonse chinkawonjezera kulemera kwa nkhaniyo.

Sabata yatha ndinauza mayi ako. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati zaka zonsezi akhala akuimba mlandu magitala, osadziwa kuti wolakwa amamuchapira malaya. Anandiuza kuti ndivale nsapato, ndipo ndisabwerere m'nyumba ndisanaonane ndi mwana wawo.

Ndinamupeza mlongo wako kuntchito, nthawi ya nkhomaliro, akumanga lona pamwamba pa katundu. Ndinamuuza zonse nditaimirira. Sanasiye chingwe. Atamaliza mfundo yake anati anadziwa tsiku lomwelo. Anati atamasula bokosi lija anaona mmene guluu anamatidwira, mzere woongoka wopanda dontho, ndipo palibe munthu wina amene amamata motero. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere, pamene iwe unkamunyoza. Anati, "Ndinkadikira kuti munene ndinu."

Wadikira zaka khumi ndi chimodzi. Kuyambira tsiku limenelo sindikhazikika. Ndikagwira wailesi ya munthu ndimaiwala chimene ndimafuna kumasula. Dzulo ndinawotcha chala ngati wophunzira ntchito.

Kupempha sindikudziwa, ndiye ndingonena. Ndinakulakwira, ndinamulakwiranso iye koposa. Ngati ukufuna wokwiyira, ukwiyire ine; ndilipo, ndipo sindidzakana. Koma kulira kumene anthuwo akukufuna m'kasetimo ndi kwa zala za mlongo wako. Iye ndiye anaiphunzira sipika ija, nadziwa poyikankha ndi poyisiya, monga munthu amadziwira chitseko cholimba cha nyumba yake. Ine wokonza ndinamva matenda. Iye anamva nyimbo. Dzina lake lilembedwe pachikutopo.

Kasetiyo sindikutumizira. Ilipo imodzi yokha, ndipo ndinaisiya m'manja mwake. Sanalonjeze kanthu. Anaipukuta ndi malaya, naiika m'thumba la pachifuwa. Ukaifuna, uyenera kuipempha kwa iye, ndi mawu ako. Nambala yake ya foni ndailemba kuseri kwa pepala lino. Lamlungu sagwira ntchito.

Mulungu akusunge, akusungirenso khosi limene umalizunzalo. Upereke moni wanga kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako, ndiponso kwa anzako a bandi, amene nawonso ndinawanamiza. Mayi ako akupereka moni. Akuti alemba kalata yawo payokha, ndipo ine sandionetsa.

Ndine bambo wako.