Ana Anga Anawasiya Pamsewu Atasamba Kale

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Lirangwe tilipo, ndipo mayi mwendo uja wasiya kutupa.

Imvani zimene anandichita alamu athu, akazi a achimwene. Sukulu itatsekera, analonjeza kutenga ana anga awiri pamodzi ndi awo kupita kutauni, kuti akasewere pa makatungwe ndi kudya ayisikilimu. Loweruka Tadala ndi Yamikani anasamba m'mamawa, n'kukaima pamsewu atavala zakutchalitchi. Galimoto itafika, alamu anawayang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Fumbi limeneli lindidetsera mipando, mudzapita ulendo wina." Chonsecho malo analipo. Tadala sanavule diresi lake mpaka dzuwa kulowa.

Mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mng'ono wawo ku Chileka, ndipo akudalira ine kuti ndikaphikire alendo onse mpunga. Ndavomera uku ndikumwetulira. Tsikulo ndidzasambitsa ana anga, tidzakwera minibasi ya ku Blantyre, ulendo wa ku makatungwe. Akadzaimba foni alendo atakhala kale pansi, ndidzawauza kuti ndidzaphika ulendo wina.

Chonde munditumizireko nsapato za ana awiriwa tsikulo lisanafike. Achimwene musawauze. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati