Njinga ya Malemu Bambo Yandimenya Mwendo

Achimwene,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nkope tilipo, ndipo mayi miyendo ija yasiya kutupa.

Nkhani ndi njinga yamoto ya malemu bambo, yokwera m'mapiri ija. Alamu athu a Saidi, amuna awo a achemwali, anaibwereka Lachisanu kuti akaswalire ku mzikiti wa m'tauni. Anabwera nayo chokankha, amvekere, "Yangozima yokha, mlamu. Yakalamba iyi."

Ndinasintha pulagi, ndinasakaniza petulo ndi oyilo monga ankachitira bambo, koma moto wa pa pulagi unali wofooka. Nditaponda kiki kuti ndiilize, inaphulika n'kundibwezera, moti mpaka lero ndikutsimphina.

Ndiye ndinatsegula ku magineto. Mukukumbukira timizere tiwiri tomwe bambo anakanda ndi msomali kuti taimingi isamasokonekere? Tasemphana, ndipo masikuluwu ali ndi zipsera zatsopano. Kondensa yolimbitsa moto wa pa pulagi imene ili m'menemo si yathu, ndi yadzimbiri, yonunkha usipa. Njinga simasula yokha masikuluwu, achimwene.

Nditawafunsa alamuwo anangoti, "Ine za mawaya ndizidziwira kuti?" Sindikunena kuti aba ayi. Koma injini ya boti lawo, imene yakhala chigonere miyezi yonseyi, Loweruka m'mawa inalira atangokoka chingwe kamodzi.

Chonde munditumizire kondensa ndi mapointi a ku magineto, taimingi ndibwezera ndekha pa timizere ta bambo. Achemwali musawauze kaye, banja ndi lawo.

Allah akusungeni kumeneko. Alamu akadzabweranso kudzabwereka njinga, ndidzawapatsa yakapalasa.

Ndine mng'ono wanu,
Yusufu