Pulinta ya 3D na Sipuleya ya Ba Mwanza

Lachinayi madzulo. Lero mtima uli m'malo.

Nabwerako ku Lusaka kumene ninakaona pulinta ya 3D, makina oumba tinthu ta pulasitiki. Nifuna nizipangira alimi a ku Kanakantapa timilomo ta masipuleya opopera mankhwala, chifukwa kamlomo kakathyoka amataya sipuleya yonse.

Wogulitsa anayamba kutamanda liwiro la pulinta yaikulu. Ninamudula mawu: "Malaiti akapita chinthu chili pakati, ichita bwanji?"

"Iyambiranso poyamba, bosi."

Kuno ku Chongwe malaiti amapita osatsazika, ndiye ninaisiya. Panali ina yaing'ono imene ipitiriza pamene inalekezera, ndipo batire ya sola ya pa shopu panga ingaikwanitse. Pulintayo ili na chitseko, fumbi silingalowe. Ulusi wa pulasitiki umene iumbira tinthu upezeka mu tauni.

Pobwera napeza Ba Mwanza, mlimi wa tomato, akunidikira na sipuleya yothyoka. Nitawafotokozera, ananifunsa kuti, "Pulasitiki yanuyo izapirira dzuwa na mankhwala?"

Ninawauza zoona kuti sinidziwa. Pomwepo namutumira foni wogulitsa uja kuti aniumbire kamlomo kamodzi koyesera. Ba Mwanza avomera kupopera nako sabata ziwiri. Kakalimba, nigula pulinta yaing'ono ija. Kakasweka tomato wawo ali pamaluwa, kaya nizawayang'ana bwanji...