Imfa ya Mayi Temwani Kayange pa Phiri la Mafinga

Kwa bambo Luka Mwale, ana, abale onse a kwa Kayange, ndi anthu a ku Salima,

Ife a Bungwe la Ojambula Zithunzi la Senga Bay talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti mnzathu, mayi Temwani Kayange, anatisiya Lachiwiri pa 14 Okutobala pa phiri la Mafinga ku Chitipa, ndipo mitima yathu ikukana kukhazikika, pakuti zimene tauzidwa za imfayi sizikugwirizana ndi zimene taona.

Malemuwa anabwera kuno mu 2006 atakwatiwa ndi bambo Mwale, natsegula kachipinda kojambulira pafupi ndi depoti ya minibasi paboma. Maukwati, ziphaso, asodzi ndi mabwato awo atsopano, zonsezi zinadutsa m'manja mwawo, ndipo amayi khumi ndi mmodzi a m'bungwe lino anaphunzira kugwira kamera kwa iwo. Koma mtima wawo unali pa phiri lakwawo. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankapita kumpoto katatu pachaka, n'kuima pa thanthwe lomwelomwelo: m'dzinja phirilo litabiriwira, mu Juni nkhungu itaphimba nsonga, ndi m'chilimwe litafiira ndi utsi wa lupsa. Amene anaona zithunzizo zitandandalikidwa chaka ndi chaka anazindikiranso kuti nkhalango ya mbali imodzi ikutha, ndi kuti kamsewu katsopano kakukwera kumene kale kunalibe njira.

Lolemba masana anandiimbira foni ine mwini. Anati, "Amayi, kuno kuli anthu ocheka matabwa, ndipo andifunsa kawiri kuti zithunzizi ndikupita nazo kuti."

Ndinati, "Bwererani kuno lero lomwe."

Anaseka, nati, "Ndijambule kamodzi kokha mawa dzuwa likamatuluka, kenako ndikwera basi."

Tauzidwa kuti anaterereka pa mwala wonyowa, pamene abale a kumeneko akuti mvula sinagwe chiyambire Meyi. Kamera yawo yabwera yosakalika ngakhale pang'ono, koma khadi losungira zithunzi mulibe, ndipo bambo amene anakaitula kwa achimwene a malemuwa anachoka osatchula dzina. Sitikuloza chala munthu aliyense, koma sitingakhale chete ngati kuti mafunsowa palibe. Zonsezi tazilemba ndi kuzipereka kupolisi, ndipo tikupempha aliyense amene anaonana ndi malemuwa m'masiku awo otsiriza kuti akanene zimene akudziwa.

Bambo Mwale, tikuuzeninso ichi: dzulo munthu wina waimba kawiri ku ofesi yathu, kufunsa kumene malemuwa ankasunga zithunzi zawo zakale, ndipo titamufunsa kuti ndi ndani anadula foni. Chonde, wina akabwera pasiwa ndi mawu okoma kudzapempha katundu wa mayiwa, musam'patse kanthu.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa inu, ana anu Thandiwe ndi Mphatso, ndi abale onse a kuno ndi a ku Chitipa. Mulungu akupatseni mphamvu zopirira chisoni chimene chakugwerani mosayembekezera, ndiponso mphamvu zodikira yankho. Mamembala athu azisinthana kukhala nanu pakhomo mpaka maliro atatha, ndipo tsiku limene mudzaitanidwe kukamva zotsatira za kafukufuku, simudzapita nokha.

Mzimu wa mayi Temwani uuse mumtendere.

Ine wanu m'chisoni,
Stella Chimombo
Wapampando