Tambula Imene Munavindikira

Bambo, lero zakwana zaka zinayi chidzukireni inu patebulo paja. Anthu amati zaka zimathamanga, koma zathuzi takhala tikuchita kuzikoka. Ndikulemba ndine mwana wanu wotsiriza, m'malo mwa Amayi, Achimwene ndi adzukulu anu atatu.

Tikukumbuka Loweruka lililonse masana, mutatseka shopu yanu ya ukalipentala, utuchi udakali m'tsitsi, mukutitsogolera ku kabala kaja ka m'mbali mwa mtsinje. Matebulo ake asanu ndi limodzi munakhoma ndinu, ndipo musanakhale munkayamba mwagwedeza lathu la pazenera kuti muone ngati mwendo wayamba kugwedera. Mkatimo munkafunda bwino, mbaula ili pakona, fungo la nsomba yokazinga ndi anyezi lili ponseponse. Inu mowa botolo limodzi basi, koma nkhani zake za mabotolo khumi. Amayi ankatola tchipisi m'mbale mwanu chawo chilipo, inu n'kumadandaulira eni bala kuti munakwatira mbava. Munkaseka mpaka kutsokomola. Malangizo anu patebulo anali amodzi, oti chakudya tisamachisiye kuzizira podikira munthu, chifukwa kutero n'kunyoza wophika.

Munalinso ndi lamulo lanu lomwe aliyense pamalopo ankalidziwa. Mukadzuka n'kuvindikira tambula yanu ndi kambale, ndiye kuti mukubweranso, wina asaikhudze, wina asakulondoleni. Zofunsidwa kumene mukupita munkadana nazo kwabasi.

Tsiku lija munavindikira. Munatsika masitepe opita kumadzi monga munkachitira mukafuna kamphepo, ife n'kupitiriza kudya. Achimwene anamaliza nsomba yawo n'kuyamba yanu, tonse tikuseka kuti mudzapeza minga yokhayokha. Panadutsa mphindi makumi anayi. Anakupezani ndi eni bala, mutakhala pasitepe yomaliza, mutatsamira mzati womangirapo mabwato, nsapato zili m'madzi. Kuchokera patebulo pathu kukafika pamenepo ndi mapazi makumi awiri okha, ndinapita kukawerenga, kungoti khonde limatchinga. Adokotala anati unali mtima. Titafunsa ngati mukanapulumuka tikanafulumira, anati zimenezo palibe angadziwe, ndipo yankho limenelo ndi lomwe likutidya mpaka lero.

Achimwene nsomba anasiyiratu. Eni bala amati akamva kambale kakulira patambula, ngakhale patebulo la alendo, amatembenuka kuyang'ana pakhomo. Ine ndikamadutsa pamlatho maso amathamangira okha kumasitepe kuja, ndipo kangapo ndaonapo munthu wa chipewa ngati chanu atakhala, koma ndikayang'anitsitsa pamakhala palibe aliyense.

Koma amene avutika kwambiri ndi Amayi. Munthu akangodzuka pakati pa chakudya, iwonso amasiya n'kumutsatira, ngakhale mdzukulu wopita kuchimbudzi. Amaima pakhomo mpaka atuluke. Ana amaseka, amati Agogo ndi apolisi. Pobwerera chakudya chazizira, ndiye amangochikankhira uko. Thupi latha, Bambo, madiresi awo onse tinabweza. Amati anakhala nanu zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, koma tsiku limodzi lomwe munawafuna analephera kudzuka pampando. Mawu amenewa amanena akutsuka mbale, amanena akusita.

Si zoona, Bambo. Amayi anadzuka. Patangopita mphindi khumi anasuzumira pazenera, anakankha mpando n'kuimirira. Ndine ndinawagwira mkono. Ndinawalozera tambula yanu, ndinawabwezera pampando, n'kumawaseka kuti nsanje mpaka muukalamba. Anachita manyazi n'kukhala pansi. Kaya zimenezi anaiwaladi, kaya akungonamizira kuiwala pofuna kunditeteza, sindikudziwa, ndipo ndakhala ndikuopa kufunsa. Zaka zinayi ndawasiya asenze katundu amene ndi wanga, ndikuwaona akuonda, ine ndikudya.

Pamaso pawo ndayesa kunena, koma ndalephera. N'chifukwa chake ndalemba pano, pansi pa chithunzi chanu, pamene ndikudziwa kuti sangadumphe mzere ngakhale umodzi. Nyuzipepalayi ndikawapatsa ndekha m'manja, ndipo ndikhala pompo mpaka amalize kuwerenga. Akandikalipira ndilandira, bola adziwe kuti iwo anadzuka. Ngati kumene muliko mumamva, khalani pafupi nafe mmawa uno, chifukwa ndikuchita mantha.

Sitidzakuiwalani, Bambo, ngakhale tsiku limodzi.