Moto Umene Unadutsa pa Denga la Amayi Aang'ono

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Vubwi tilipo. Mtedza wa m'munda wanu wa kuchulu wachita bwino, koma soya wapsa ndi dzuwa. Achimwene a Yosefe anakhala ndi mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Sanakhalitse, Amayi. Mwina mwamulandira kale.

Chandilembetsa ndi nkhani ya mng'ono wanu, amayi aang'ono a Tisauke. Tsiku lina dzuwa litangolowa, anthu akulowetsa mbuzi, kumwamba kunadutsa chimoto cha mchira wautali, pang'onopang'ono, kenako kunagunda ngati bingu kopanda mtambo. Kwa woima pakhomo pa achimwene, motowo unaoneka ngati watuluka pa denga la amayi aang'ono. Sabata yomweyo mwana wa achimwene uja anatentha thupi n'kutisiya. Basi, mudzi wonse unagwirizana kuti inali ndege ya ufiti, woyendetsa n'kukhala iwowo. Iwo amene anamusambitsa mwanayo atabadwa!

Ine ndinali nditamva pa wailesi kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndipo ndinawerenganso pafoni. Chinali chombo chochokera m'mlengalenga, chikubwerera kwawo. Chombo chotere chimazungulira dziko m'njira imodzi, sichikhota pamene chafuna. Chili ngati minibasi ya ku Lusaka, imene iyenera kudutsa pa Sinda ndi pa Katete kuti ifike ku Chipata. Koma dziko limatembenuka kunsi kwake, ndiye ulendo uliwonse chimadutsa pamwamba pa anthu ena. Eniake amasankha nthawi yochitsitsa kuti chikatere kumene akonza, ndipo chikamatsika chimayaka chifukwa cha liwiro. Akuti kumeneko kunali mphepo, n'chifukwa chake anasintha tsiku. Likanakhala dzulo lake, chikanadutsa kwina, ife osachiona n'komwe.

Zonsezi ndinawafotokozera achimwene, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Anandiyang'ana maso ali psuu n'kunena kuti, "Iwe Esnati, dziko lonseli, chinasowa denga lina?" Munthu woti wangoika mwana wake m'manda ungamuuze za mphepo ya kutali? Munkanena ndinu kuti kalowa m'khutu kayaza mphasa. Ndaziona.

Kuchitsime anthu anayamba kuchotsa zidebe zawo amayi aang'ono akafika. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala lopanda munthu, ngakhale a chigwirizano anzawo aja ankadzipanikiza kumbuyo. Atayamba kugendedwa padenga, ndinawakweza galimoto kupita kwa mwana wawo ku Sinda. Panjira anandifunsa kuti, "Kodi eni chombowo akudziwa kuti kunsi kuno kuli anthu?" Ndinangowagwira dzanja.

Mtima ukundiwawa, Amayi, ndipo ndakwiya, koma ndikwiyire ndani? Amene anasintha tsikulo sadziwa dzina la mudzi wathu. Mukanakhalapo mukanangowaitana a Yosefe kuseri kwa nkhokwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine mawu anga ndi opepuka.

Amayi aang'ono afooka, sakudya bwino. Chimene apempha ndi chimodzi: tsiku lawo likadzafika adzagone pafupi ndi inu. Achimwene akuti amayi aang'ono sadzaikidwa kumanda kwathu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti mng'ono wanu ndidzamubweretsa pambali panu. Mmene ndidzachitire sindikudziwa, koma malowo ndalimira kale.

Ndine mwana wanu,
Esnati